Za ka 2 ka pamwamba kamene kakukankha mizere

Aphunzitsi, mwati mu app yanu ya masamu a Fomu 4 ma x² ndi ma cm³ akutuluka akuluakulu, mizere nayo ikutalikirana mosiyana. Za iPhone mwafunsazo ayankhe ena, ine ndimagwira Android basi.

Amene akuti ingowonjezerani lineSpacingExtra, yowonjezera mpata pakati pa mizere, musawamvere. Mizere yonse ingotalikirana, koma wokhala ndi ka 2 uja ukhalabe wosiyana ndi inzake. Vuto ndi loti SuperscriptSpan, lamulo la Android loika nambala pamwamba, imangokweza nambala osaichepetsa, ndiye ka 2 kamakwera ndi msinkhu wake wonse n'kukankha mzere wa pamwamba. Pamalo omwewo ikaninso RelativeSizeSpan ya 0.6 kapena 0.7, kuti nambalayo ichepe. Ngati mawu anu akudzera mu WebView, kazenera koonetsa tsamba la webu mkati mwa app, pa sup (chizindikiro cha HTML chokwezera nambala) lembani font-size 75% ndi line-height 0, nkhani yatha.

Koma chenjezo langa lili pa manambala ang'onoang'ono okopera pa intaneti aja. ¹, ² ndi ³ alibe vuto, amapezeka pafupifupi mu font (mtundu wa zilembo) iliyonse. Kuyambira ⁴ kukafika ⁹, ndi ka ⁿ, ndi pamene pali msampha, ma font ambiri alibe. Ine zinandionekera. Ndinadzaza mutu wonse wa ma indices (masamu a manambala a pamwamba) ndi timanambala timeneti, pa foni yanga zili mbee. Loweruka lina m'mawa, kuzizira kwa ku Bembeke kuja, ndinakaonetsa ana okonzekera MSCE. Mtsikana wina anabwera ndi kafoni ka mayi ake kong'aluka galasi, nkuti, "Sala, x ya kabokosiyi ndiye timaiwerenga bwanji?" Tsamba lonse timabokosi tokhatokha, poti kafoniko kanalibe font ngakhale imodzi yokhala ndi timanambalato. Ndinabwerera ku boma manyazi ali tho, masiku atatu ndikusintha kamodzikamodzi.

Ndiye musamayesere pa foni yanu yokha. Gulani yakale yogwiritsidwa kale ntchito, yanga ndinaipeza pa Lizulu pa K40,000 ndi kenakake, panopa mwina zinakwera. Mu Settings kuzani zilembo mpaka kumapeto muone ngati mutu wa ka 2 sukudulidwa pa mzere woyamba. Makolo ambiri foni zawo zimakhala choncho chifukwa cha maso, ndipo ana amawerengera momwemo.

Font yokongola mwasankhayo muiyesenso ndi ŵ wa mu Malaŵi. Ikakhala kuti ilibe, foni imabwereka chilembocho ku font ina, ndipo mzere umenewo ukhoza kudumphanso.