Tochi yanga yatsopano ili ndi zolakwika: kodi ndiibweze?

Funso: Akonzi, ndagula tochi ya aluminiyamu, koma nditaiyang'anitsitsa ndaona kuti mtundu wa kumutu ndi wa thunthu lake ukusiyana pang'ono, mazinga a chotsekera chakumbuyo akukhukhuza ngati muli mchenga, ndipo kababu ka LED sikali pakati penipeni. Kumapeto kwa thunthulo kulinso malo oyera opanda utoto. Kodi ndiibweze?

Yankho: Zikomo pofunsa. Mwa zinayi mwatchulazi, chimodzi si vuto n'komwe. Malo oyerawo anawasiya dala, chifukwa chimene chimaoneka ngati utoto pa tochi zotere ndi khungu lolimba lomwe amalipanga pa aluminiyamu poiviika mu asidi wodutsitsidwa magetsi, ndipo khungulo silidutsa magetsi. Pamalopo ndi pomwe mphamvu ya batire imadutsira, choncho musapakepo penti, koma muzipukutapo kuti pazikhala paukhondo.

Kusiyana kwa mtundu kumachitika zigawo zikaviikidwa nthawi zosiyana. Kumakhumudwitsa ndithu, makamaka pa tochi yokwera mtengo, koma sikuchepetsa kuwala.

Mazinga ndiwo ofunika kuwasamala msanga. Nthawi zambiri mumakhala tizidutswa tachitsulo totsalira pozokota, choncho apukuteni ndi kansalu koyera, kenaka mupakemo girisi wa silikoni pang'ono, osaiwala kalabala kozungulira komwe kali pafupi ndi mazingawo. Pewani mafuta ochokera ku petulo chifukwa amafufumitsa mitundu ina ya labala. Kalabalako kayang'aneni bwinobwino: ngati m'mphepete mwakuthwa mwa chitsulo mwakacheka, madzi adzalowa, ngakhale pa bokosi atalemba IPX7, chizindikiro chotanthauza kuti tochiyo ingakhale m'madzi akuya mita 1 kwa mphindi 30. Mazinga akapitiriza kugwira mutawatsuka, kapena chotsekera chikamalowa mopendeka, ibwezeni osazengereza, pakuti aluminiyamu sachedwa kudyeka.

Kababuko kayeseni motere: walitsani tochiyo pakhoma loyera m'chipinda chamdima, mutaima patali pang'ono. Ngati pakati pa kuwalako pali pozungulira bwino, kupendekako ndi kochepa ndipo sikungakuvuteni. Koma pakakhala potsamira mbali imodzi kapena pakaoneka mdima pakati, kuwala sikufika patali monga kuyenera. Ine ndingaibweze pa chifukwa chimenechi chokha. Musatsegule kumutu kuti mukonze nokha, chifukwa kambale konyezimira ka m'katimo kamakalika ngakhale ndi nsalu yofewa, ndiponso wogulitsa angathe kukana katundu wotsegulidwa. Jambulani zithunzi za kuwalako pakhoma, ndipo mupite nazo pamodzi ndi lisiti.