Yankho kwa Achemwali amene atenga kamphaka: zogula poyamba ndi zoseweretsa zosaboola m'thumba

Achemwali, zikomo kwambiri pomupatsa pokhala mphakayo. Mwati muli naye masiku awiri tsopano, ndi wa miyezi itatu, ndalama zili zochepa, ndiye mukufuna kudziwa zoti mugule poyamba komanso zoseweretsa zotchipa. Mwatinso wangobindikira kunsi kwa bedi, moti mukuganiza kuti mwina akusungulumwa poti alibe choseweretsa. Mundilole nditalikitseko pang'ono, chifukwa amphaka ndakhala nawo zaka zambiri ndipo zina ndinazidziwa zitandionekera.

Za kunsi kwa bedizo si kusungulumwa ayi, ndi mantha. Mphaka amadziwa malo ndi mphuno, ndipo m'nyumba mwanumo simunakhale chilichonse chonunkha iyeyo. Musamukoke, musamunyamule mokakamiza, ndipo ana muwauze kuti amuleke kaye. Musankhireni chipinda chimodzi chosapitapita anthu, muikemo madzi, chakudya ndi chimbudzi chake, kenako mugoneke katoni cham'mbali pakona, mkati mwake muyalemo malaya anu akale osachapa kuti azolowere fungo lanu. Katoniyo musaione kuchepa. Mu 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anafufuza amphaka ongofika kumene pamalo osungirapo amphaka osowa eni, ndipo anapeza kuti amene anapatsidwa bokosi lobisalamo mantha ankawathera msanga kusiyana ndi anzawo amene analibe. Inuyo muzingolowa, n'kukhala pansi phee, kumalankhula motsitsa mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mudzangoona kamutu kasuzumira.

Ndalama yanu yoyamba ipite ku chimbudzi chake. Sikuti mpaka mugule chija chokhala ndi denga ndi kachitseko, amphaka ena sachikonda n'komwe chifukwa fungo limatsekeka mkati. Beseni lapulasitiki lalikulu likukwana, bola likhale lotalika kuposa mphakayo kuti azitha kutembenukamo ndi kukumba momasuka, ndipo mbali imodzi ikhale yotsika poti miyendo yake ikadali ifupiifupi. Thiranimo mchenga wa amphaka wokwana masentimita 5 kuya kwake, wopanda zonunkhiritsa. Ngati mungathe, funsani kumene munamutenga kuti ankagwiritsa ntchito mtundu wanji, muyambire womwewo. Uja umagwirana ukanyowa mudikire kaye akule pang'ono, chifukwa tiamphaka tating'ono timakonda kulawa chilichonse. Muzichotsa zoipa tsiku lililonse, ndipo kamodzi pa mlungu mutaye zonse n'kutsuka beseni ndi madzi otentha ndi sopo wamba. Mankhwala okolopera aja amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi musawagwiritse ntchito, ambiri mwa iwo muli phenol amene ndi poizoni kwa amphaka. Beseni likhale kutali ndi pamene akudyera. Mukadzaonjezera mphaka wina, mabeseni akhale atatu: aliyense lake, ndi lina lapadera. Ngati m'nyumbamo muli mayi woyembekezera, ntchito yochotsa zoipayi agwire munthu wina, kuopa matenda a toxoplasmosis.

Mbale musagule. Tengani m'khitchini mbale ziwiri zosazama, zachitsulo, zagalasi kapena zadothi, zikhale zake basi. Zapulasitiki zimakalika n'kumasunga litsiro m'timizere. Ya madzi muiike patali pang'ono ndi ya chakudya, amphaka ambiri amamwa bwino choncho.

Pamene sindingakulangizeni kuumira ndi pa chakudya. Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo thupi lake limafuna taurine, chofunika m'thupi chopezeka mu nyama, amene silingathe kupanga wokwanira palokha. Akasowa taurine kwa nthawi yaitali maso amawonongeka mpaka khungu, mtimanso umafooka. N'chifukwa chake chakudya cha agalu sichingamusunge, ngakhale chikhale chotchipa bwanji. Gulani cholembedwa kuti ndi cha ana a amphaka, muzimupatsa pang'onopang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku. Mukafuna kusintha mtundu, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku 7 mpaka 10. Mkaka wa ng'ombe ayi. Ndikudziwa kuti ambirife tinakula tikumva kuti mphaka ndi mkaka, koma akasiya kuyamwa amphaka ambiri sagaya bwino shuga wa mu mkaka, ndipo zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba, kumene kwa kamphaka kakang'ono kumakatha madzi m'thupi mwamsanga. Anyezi, adyo ndi chokoleti asalawe.

Ndalama ina musungire dokotala wa ziweto, ndipo ndikadakhala inu ndikadapita mlungu uno. Pa miyezi itatu ayenera kukhala atayamba katemera, amene amabwerezedwa pakatha milungu itatu kapena inayi mpaka atakwana milungu 16, ndipo wa chiwewe amabayidwa kuyambira pa milungu 12. Komweko akupatsani mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri oyenera msinkhu wake. Chonde musamuthire mankhwala a utitiri a agalu, ambiri muli permethrin amene amachititsa mphaka kunjenjemera, kukomoka, ngakhale kufa. Paracetamol nayenso, ngakhale kachidutswa chabe, amapha mphaka. Mufunsenso za kumutseketsa kuti asabereke kapena kumuthena, chifukwa wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha. Popita kumeneko musamunyamule m'manja, akadzidzimuka ndi galimoto kapena galu adzakupulumukani. Kabokosi konyamuliramo amphaka mutha kubwereka kapena kugula kogwiritsidwapo kale ntchito, n'kukatsuka bwino. Kunyumba muzikasiya kotsegula ndi kansalu mkati, kasanduke kogonamo, kuti asamakaone ngati msampha.

Pokanda napo m'pofunika, apo ayi mipando yanu ndiyo idzalipire. Mphaka sakanda mwamwano. Amakhala akusupula chikoko chakale cha zikhadabo, akudziwongola msana, ndiponso akusiya fungo lake lochokera m'mapazi. Pezani thabwa kapena mtengo wouma, muukulunge chingwe cha khonje mothinitsa, muukhomere pa thabwa lina lalikulu kuti usagwedere. Ukhale wautali moti akaima ndi miyendo yakumbuyo azitha kudzitambasula yense. Ukagwedera kamodzi kokha sadzaukhulupiriranso. Muuike pafupi ndi pamene amagona, poti akangodzuka amafuna kukanda. Ena amakonda kukanda pansi, amenewo mungowadulira makatoni n'kuwamanga pamodzi.

Tsopano za zoseweretsa, zimene mwafunsa kwenikweni. Kwa mphaka, kusewera ndi kusaka. Choseweretsa chongokhala pansi osayenda kwa iye ndi mbewa yakufa kale, achinunkhiza kamodzi n'kuchokapo. Ndiye anthu amagula zidole zambirimbiri n'kumadandaula kuti mphaka wawo sasewera, pamene chimene chikusowa ndi dzanja loyendetsa. Choseweretsa choposa zonse chimene ndikudziwa mutha kupanga lero lomwe: kandodo kotalika ngati mkono wanu, chingwe cholimba, ndipo kumapeto kwake mumangeko nthenga zingapo kapena kansanza. Luso lili pa kayendetsedwe. Musamamuwendewetsere kumaso, palibe mbewa imene imathamangira kukamwa kwa mphaka. Kokerani pansi, kumuthawa, kaime pang'ono, kanjenjemere, kenako kazembere kuseri kwa mwendo wa mpando n'kungotsala kamchira kakuonekera. Pamenepo muyang'aneni. Amagona chafufumimba, makutu kutsogolo, maso akuda bii atakula, ndevu zitaloza kutsogolo, kenako matako ayamba kugwedezeka uku ndi uku, n'kudumpha, mbwanda! Akagwira musamulande msanga. Mulekeni alume, aponde ndi miyendo yakumbuyo, amve kuti wapha. Mukamamulepheretsa nthawi zonse amagwa ulesi.

Mphindi 10 kapena 15, kawiri pa tsiku, zimakwana. Amphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku ndipo amachangamuka kwambiri mbandakucha ndi madzulo kachisisira, choncho nthawi zabwino zosewera ndi zimenezo. Ine ndimasewera naye madzulo, kenako ndimamupatsa chakudya, amadzinyambita n'kugona. Mukatsatira dongosolo limeneli, zothamangathamanga pakati pa usiku zimachepa ndithu. Chinthu chimodzi ndikupempheni: musamasewere naye ndi zala kapena zala zakumapazi. Panopa timano take sitipweteka, koma mukumuphunzitsa kuti dzanja la munthu ndi nyama, ndipo akadzakula adzaluma alendo ndi ana. Akakugwirani dzanja, liumitseni osalikoka, mumupatse sokosi yakale yoikamo nsanza n'kumanga mfundo kuti alimbane nayo.

Zosewera yekha zili kale m'nyumba mwanu. Pepala lofwanyidwa ngati kampira, lalikulu moti sangalimeze. Kampira kopepuka ka tenisi ya patebulo, mukakaponya m'beseni louma kamazungulira osatuluka ndipo amatha nako nthawi yaitali. Kachubu ka katoni kotsala tishu akatha, mukapinde mbali zonse ziwiri, mubooleko timabowo, muikemo timibulu ta chakudya chake chouma kuti azikagubuduza tizigwa. Thireyi ya mazira yapepala nayonso, mukamwaza timibulu m'maenjemo amatola ndi dzanja kamodzikamodzi. Katoni yaikulu muibooleko mazenera awiri atatu, inu muzilowetsa nthenga ija pabowo lina iye ali mkati. Thumba lapepala ndi labwino mukadula zogwirira zake kuti zisamukole m'khosi, koma lapulasitiki ayi. Musazitulutse zonse nthawi imodzi. Ikani ziwiri kapena zitatu, zina mubise, pakatha masiku angapo musinthe, zakale zija adzazilandira ngati zatsopano. Ndipo mpando umodzi muukankhire pawindo lotseka kuti azionera mbalame.

Mukafuna kugulako china m'sitolo, tiimbewa tansalu n'totchipa ndipo timakhalitsa, koma muyambe mwazula timaso tomata, timabelu ndi chilichonse chimene chingathothoke. Zokhala ndi catnip, chitsamba chimene fungo lake limasangalatsa amphaka, musathamangire, ana a amphaka a msinkhu umenewu nthawi zambiri sachita nazo chidwi mpaka atakulako, ndipo pafupifupi mphaka mmodzi mwa atatu alionse samumva n'komwe catnip moyo wake wonse. Katochi ka laser ine sindikakonda, chifukwa amathamangitsa chinthu chimene sadzachigwira. Ngati mwakagwiritsa ntchito, musamuwalitse m'maso, ndipo pomaliza kadontho kofiirako kakathere pa chidole chenicheni choti agwire.

Pali chimodzi chimene ndikufuna muchisunge kuposa zonse ndanenazi, ndicho ulusi. Zithunzi zambiri zimaonetsa kamphaka kakusewera ndi mpira wa ulusi, ndipo anthu amatengera. Lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kukhosi, moti ulusi ukangolowa m'kamwa zimamuvuta kuulavula, amangomezabe. Mbali ina ikakola pansi pa lilime kapena m'chifu, matumbo amayesetsa kukankha mbali yotsalayo n'kukwinyana ngati nsalu yokokedwa ndi chingwe, mpaka ulusi uja kuwacheka. Zinandichitikira. Ndinasoka batani usiku n'kusiya ulusi patebulo. Kutacha mphaka wanga anasanza kawiri, chakudya anangochinunkhiza, n'kukakhala pakona atadzikunga, osafuna kukhudzidwa pamimba. Nditafika naye kwa dokotala, anamutsegula kukamwa n'kundionetsa kaulusi kakuda katazungulira pansi pa lilime, kochepa moti ndekha sindikadakaona. Anachitidwa opaleshoni tsiku lomwelo ndipo anachira, koma masiku amene ndinkamudikira aja sindifuna kuti munthu wina adutsemo. Ndalama imene inapita pamenepo ikadagula chakudya chake cha miyezi yambiri.

Choncho ulusi wosokera, ulusi woluka, malabala, timalamba tomangira tsitsi, maliboni a mphatso, zonsezi zizikhala m'dilowa yotseka. Kandodo ka nthenga kaja nakonso mukatha kusewera mukabise, kasamagone pansi. Mukadzaona ulusi ukulendewera kukamwa kapena kumbuyo kwake, musakoke ngakhale pang'ono, thamangani naye kwa dokotala. Muonenso maluwa amene muli nawo m'nyumba, a lily amawononga impso za mphaka ngakhale atangonyambita mungu wake kapena kumwa madzi a m'botolo lake.

Bedi la mphaka, zovala, kolala ya belu ndi nsanja zija zamtengo wapatali zisiyeni kaye. Thawulo lakale m'katoni amagonapo bwino lomwe. Kolala ikadzafunika, mugule yomasuka yokha ikakola penapake.

Usiku uno ingochitani izi: muzimitse nyale yowala kwambiri, mukhale pansi pafupi ndi bedi, mukoke kansanza pang'onopang'ono m'mphepete mwake. Akapanda kutuluka musadandaule, mawa muyesenso. Koma m'mawa muyang'ane m'mbale ndi m'beseni. Ngati wadya ndipo wakodza, zili bwino ngakhale akubisalabe. Ngati papita tsiku lathunthu osadya kanthu, kapena akusanza, kapena akutsegula m'mimba, musadikire kuti azolowere, kamphaka ka msinkhu umenewu kamafooka msanga, pitani naye kwa dokotala. Mutiuzeko kuti usiku wathawu anadya kapena ayi, komanso ngati kumene munamutenga anakupatsani khadi lake la katemera.