Kuti ma granola bar asamangonyenyeka m'manja

Achemwali, ndaona funso lanu loti mukufuna kumawapangira ana ma granola bar (tizidutswa ta oti ndi mtedza tomatidwa ndi uchi) kunyumba kuti azitenga popita kusukulu, koma amene munayesa aja anangonyenyeka mutangogwetsapo mpeni. Musagwe ulesi ayi. Inenso zinandikanika katatu konse ndisanazindikire kuti nkhani yagona pa ziwiri: madzi omatira a uchi, batala ndi shuga, ndi mphamvu imene mumaika potsendereza.

Muyezo umene ndimadalira ndi makapu 2 ndi theka a oti, theka la kapu ya mtedza wophwanyaphwanya ndi theka la kapu ya mphesa zouma. Oti mugule wophwatalala uja wolembedwa kuti rolled oats. Wa instant ndi wopyapyala kwambiri, ukakumana ndi uchi umangosanduka phala. Zomatira zake ndi uchi masipuni aakulu 5, batala masipuni 4, shuga wabulauni masipuni 4 ndi kamchere kotsina ndi zala. Mcherewo musausiye, ndi umene umadzutsa kukoma kwa mtedza.

Yambani ndi kukazinga oti ndi mtedza mu uvuni wa 175°C kwa mphindi 10, n'kutakasako kamodzi zili pakati. Ngati mulibe uvuni, chiwaya chouma pa moto wochepa chimagwira ntchito yomweyo, bola osachokapo. Mudzadziwa kuti zapsa fungo likadzaza m'khitchini ndipo oti wayamba kufiirira m'mbali.

Tsono apa ndi pamene ambirife timaphonya. Sungunulani uchi, batala ndi shuga mu kapoto pa moto wapakati. Zikayamba kuwira n'kutulutsa tithovu ting'onoting'ono, werengani mphindi 1 kapena 2 basi, muphule. Mukaphula shuga asanasungunuke bwino, sizigwirana. Mukapitiriza kwambiri, shuga uja amauma gwa ngati siwiti yolimba, ana n'kumavutika kuluma. Thirani madziwo akadali otentha pa oti, mtedza ndi mphesa zija, musakanize mpaka pasaoneke kambewu kouma ngakhale kamodzi. Ngati mukufuna kuikamo tizidutswa ta chokoleti, dikirani kaye mphindi 5, apo ayi tisungunuka tonse.

Yalani pepala lophikira mu thireyi ya masentimita 20 mbali zonse, mukhuthuliremo, muike pepala lina pamwamba. Kenaka tengani tambula yosalala kunsi, mutsendereze ndi mphamvu zanu zonse. Kusalaza ndi sipuni sikukwanira, ndikunenetsa. Ine ndimachita kuika thireyi pa tebulo lalifupi n'kutsamirapo ndi thupi lonse, kwa mphindi 2 zathunthu, makamaka m'makona momwe mumayambira kugumuka. Pamwamba pakaoneka pothinana, ponyezimira pang'ono, ndiye kuti zatheka.

Ikani mu fuliji maola osachepera 2. Ndikudziwa kuti fungo limakopa, ana amakhala akuzungulirazungulira, koma mukadula zikadali zofunda ntchito yonse ija yapita pachabe. Podula, tengani mpeni waukulu wakuthwa, mutsindike kamodzi kuchokera pamwamba, osachita kucheka uku ndi uku. Mumatuluka zidutswa 12 zabwinobwino.

Mukazolowera mutha kuchotsa batala n'kuikamo chiponde. Kwa ine chimenechi ndiye chimagwira bwino koposa, ndipo ana amakhuta nthawi yaitali.

Popeza mwatchula ana, ndikupempheni kuti musamale pa izi. Mwana wosakwana chaka chimodzi asalawe uchi, ngakhale wophikidwa, chifukwa ungamudwalitse matenda oopsa a botulism. Ana osakwana zaka 5 amatsamwa mosavuta ndi mtedza wathunthu, choncho usinjeni bwino. Ngati pali amene thupi lake limadana ndi mtedza, ikanimo nthanga za maungu kapena za mpendadzuwa. Komanso uchi ndi shuga zilimo zambiri ndithu, kachidutswa kamodzi patsiku n'kokwanira.

M'kontena yotseka bwino amakhala sabata imodzi, ndipo nyengo yotentha ndi bwino kuwasiya mu fuliji kuti asafewe. Mu fiiza amafika miyezi 3 mukawakulunga chimodzichimodzi. Zonyenyeka zija za ulendo woyamba ngati zikadalipo musataye, muwathirire ana pa yogati kapena mu mkaka mawa m'mawa.