Kodi ntchito ya mu control room ndi yongokhala pampando?

Mchemwali wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Wamaliza dipuloma ya zamagetsi, ndipo funso lake ndi ili: "Ndikufuna kufunsira ntchito ya opareta mu control room pa siteshoni yopanga magetsi. Koma amalume akuti imeneyo ndi ntchito ya alesi, yongopenya makompyuta usiku wonse mpaka zonse zimene unaphunzira kuiwalika. Kodi n'zoona? Nanga munthu amachita chiyani kwenikweni m'chipindamo?"

Mchemwali, amalume anu anena zimene diso limaona, ndipo pamenepo sananame. Mukalowa m'chipindamo nthawi ya 2 koloko usiku mupezadi munthu ali phee pampando, kapu ya tiyi pambali. Chimene sanaone n'chakuti munthuyo salipidwa chifukwa chokhala pansi. Amalipidwa kuti maganizo ake asachoke pamakina ngakhale pamene palibe chikuchitika, ndipo zimenezo n'zovuta kuposa kunyamula sipanala.

Magetsi alibe nkhokwe ngati chimanga. Amene akupangidwa pano ndi omwe akugwiritsidwa ntchito pompano, kupatula pang'ono amene amasungidwa m'mabatire monga a ku Golomoti. Kuno kwathu majenereta onse ayenera kuyendera limodzi pa 50 Hz, nambala yotchedwa frequency imene imatsatira liwiro limene makinawo akuzungulira. Dzuwa likalowa, anthu n'kuyatsa mababu ndi mbaula zamagetsi nthawi imodzi, katundu (mphamvu imene anthu akukoka pa makina) amalemera, makina amayamba kufooka, nambala ija n'kumatsika. Governor, chipangizo choyang'anira liwiro la makina, amatsegula zitseko kuti madzi ambiri alowe mu turbine, gudumu limene madzi amazunguza kuti liyendetse jenereta, koma pali malire a zimene makina angadzichitire okha. Opareta amayang'ana zonsezo, akulankhulana ndi a ku likulu la ESCOM ku Blantyre loyendetsa gridi (mawaya onse olumikiza masiteshoni ndi ogwiritsa ntchito magetsi), amene amauza siteshoni iliyonse mamegawati amene akufunika. Kuyambira mu 2017 ntchito zinagawidwa: EGENCO imapanga magetsi, ESCOM imawanyamula ndi kuwagawa. Tsono ndandanda yozimitsa magetsi m'madera siichokera kwa opareta wa pa siteshoni, ngakhale abale anu adzakunenani ndinu pa ukwati uliwonse umene zoimbira zidzazime.

Mbali imene ine ndimaiona yokoma pa ntchitoyi ndi mtsinje. Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa Shire, motsatizana, moti madzi amene azunguza makina ku Nkula ndi omwewo akukazunguza a ku Tedzani, kenako a ku Kapichira. Kumtunda kwake kuli Kamuzu Barrage ku Liwonde, kumene amachepetsa kapena kuwonjezera madzi otsika. Opareta wabwino amaudziwa mtsinjewu ndi nyengo zake. Dzinja likafika, madzi amabwera ndi namasupuni, udzu, zipika ndi zinyalala zina, zonse kudzaunjikana pa zitsulo zosefera madzi polowera. Pa kompyuta simuona namasupuni ayi. Muona kuti msinkhu wa madzi kutsogolo kwa sefa ndi kuseri kwake ukusiyana mowonjezereka, mphamvu ya makina ikutsika pang'onopang'ono. Pamenepo muyenera kuganiza msanga: kodi ochotsa zinyalala akwanitsa, kapena tichepetse katundu sefa isanapindike? Matope nawo ali ndi zawo. Amadya zitsulo za turbine, amatseka mapaipi a madzi oziziritsa, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala bearing (chitsulo chimene shafti imazungulirapo) imene yayamba kutentha pang'ono kuposa dzulo. Alamu isanalire n'komwe, munthu watcheru amakhala waona kale kuti nambalayo ikukwawa. Ndi ameneyo amene anzake amafuna kukhala naye pa shifiti.

Nthawi zina mtsinje umangopambana. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi, ndipo siteshoniyo inadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. Miyezi yonseyo makina otsala ku Nkula ndi ku Tedzani analibe mpata wopuma. Gridi yathu ndi yaing'ono, kotero jenereta imodzi ikatripa (kudzizimitsa yokha mwadzidzidzi), ena onse amamva. Zikavuta dziko lonse limatha kukhala mumdima, ndipo kulidzutsanso ndi ntchito ya anthu omwe amalume akuwati alesiwo: kuyatsa makina amodzi, kuonetsetsa kuti voteji, frequency ndi phase (kayendedwe ka mafunde a magetsi) zagwirizana ndi gridi asanatseke breaker (swichi yaikulu imene ikatsekedwa imalumikiza jenereta ku gridi), kenako kulandira katundu pang'onopang'ono monga akuuzira a ku Blantyre. Kutseka breaker pa nthawi yolakwika kungawononge jenereta imene kuikonza kungatenge miyezi.

Pa mphindi zoterezi alamu zimalira zambirimbiri nthawi imodzi, foni ikuitana, wailesi ikuitana. Luso si kuthamangitsa manja. Luso ndi kudziwa alamu imene yayamba, chifukwa zinazo zimangotsatira, ndi kutsata ndondomeko yolembedwa ngakhale mtima ukukuuzani kuti mudumphe sitepe imodzi.

Palinso udindo umene anthu akunja saudziwa. Amisiri akafuna kulowa m'makina kukakonza, pamafunika chikalata cha chilolezo, ndipo makinawo amayamba azimitsidwa, kulekanitsidwa ndi gridi, kuikidwa earth (waya wolumikiza makina ku nthaka kuti magetsi asagwire munthu), kukhomedwa maloko ndi zikwangwani. Wa mu control room ayenera kudziwa nthawi iliyonse kuti ndani ali kuti. Akaiwala, wina sabwerera kwa ana ake. N'chifukwa chake bukhu la shifiti limalembedwa mosamala chonchija, ndipo posinthana shifiti wotuluka sangoti "zonse zili bwino" n'kunyamuka. Amafotokoza chilichonse chimene chasintha, chimene chili chozimitsidwa, ndi chimene chikumukayikitsa.

Zowawa zake ndisakubisireni. Mashifiti ausiku amasokoneza tulo ndi kudya, ndipo thupi silizolowera kwenikweni, limangopirira. Khirisimasi ina idzakupezani pantchito, maliro ena mudzafika mochedwa. Masiteshoniwa sali m'tauni: Kapichira ili ku Chikwawa, moyandikana ndi nkhalango ya Majete, kotentha kosaseweretsa, ndipo Wovwe ili kutali ku Karonga. Ngati mumakonda moyo wa mumzinda, ganizirani bwino.

Pa nkhani yoiwala maphunziro, mantha a amalume ali ndi maziko, koma zimatengera munthu. Opareta amene amangodziwa makina kudzera pa sikirini amafota ndithu. Inu mukapeza mwayi, tsikani pansi. Yendani ndi amene amazungulira makina, gwirani paipi mumve kutentha kwake, mverani phokoso la turbine ili bwino kuti tsiku lina mudzazindikire ikadwala. Amisiri akatsegula makina pokonza, pemphani mukasuzumire. Mukatero, nambala iliyonse pa kompyuta idzakhala ndi chitsulo chake m'mutu mwanu, ndipo munthu wotero savutika kupita ku maudindo ena, kaya oyang'anira shifiti, kaya za chitetezo cha makina. Luso lomweli limafunikanso ku minda ya sola monga wa ku Nanjoka ku Salima, ndi kumafakitale a shuga amene amapanga magetsi awo ndi zotsalira za nzimbe.

Ndiye funsirani, mchemwali. Pokonzekera intavyu bwerezani za three-phase, kulumikiza jenereta ku gridi, ntchito ya governor ndi AVR (chipangizo chowongolera voteji), marelay otetezera jenereta ndi thiransifoma, komanso kuwerenga single line diagram, chojambula choonetsa mmene zipangizo zamagetsi zalumikizirana. Akakufunsani chimene mungachite alamu imene simukuidziwa ikalira muli nokha, musadzionetse ukatswiri. Nenani kuti muyamba mwaona ngati anthu ndi makina ali otetezeka, mudziwitsa woyang'anira shifiti, mutsata ndondomeko, ndipo mulemba nthawi yake m'bukhu.