Mlandu wakale ndi police clearance: yankho kwa achimwene a ku Mufakose, ku Harare

Kalata yanu yandikhudza kwambiri, achimwene. Mwati munagwidwapo pa ndewu zaka zapitazo, tsopano kampani ya alonda ikufuna kukulembani koma yapempha police clearance (kalata ya apolisi yosonyeza ngati munapezekapo ndi mlandu), ndipo mukufunsa ngati n'kotheka kubisa.

Mng'ono wanga zinamuonekera zomwezi. Anakangana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji mpaka zibakera, apolisi anawatenga onse awiri. Pofuna kukagona kunyumba usiku umenewo, anasayina pepala lovomera mlandu, anamudinda zala, analipira faindi n'kumapita. Mumtima mwake nkhani inathera pomwepo. Palibe anamuuza kuti pa lamulo la Criminal Procedure and Evidence Act, kulipira faindi yovomera mlandu kumawerengedwa ngati khoti lakupeza wolakwa. Patadutsa nthawi anapeza mwayi woyendetsa galimoto yonyamula katundu. Mayi athu anagulitsa nkhuku zawo kuti akaphunzire defensive driving. Mapepala a police clearance atachokera ku CID, nthambi ya apolisi yofufuza milandu, ntchito inatha asanaigwire ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo bwana uja sanafune n'komwe kumva kuti unali mlandu wanji. Mnyamata anabwerera kukagulitsa tomato kumsika wa Mbare Musika, mpaka lero ali komweko.

Sindikutsutsa zofufuza anthu ayi. Mlonda amasungitsidwa makiyi a nyumba za eni, ndipo pali lamulo lake, Private Investigators and Security Guards (Control) Act. Wogwira ntchito ndi ana kusukulu, wosunga ndalama kubanki, onsewa afufuzidwe ndithu. Chimene chimandipweteka n'chakuti mabwana ambiri sawerenga. Woba ndalama za kampani ndi mwana amene anamenyana ali ndi zaka 19 amawaika m'dengu limodzi. Kumeneko ndi kulanga munthu kawiri, ndipo n'kulakwa basi.

Kwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira m'migodi ndi m'mafamu, zimapweteka koposa. Zitupa zathu zinkalembedwa kuti ALIEN, ndipo Malamulo a Dziko a 2013 ndi amene anavomereza kuti obadwira kuno ku Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC ndi nzika. Ntchito zimene ambiri timazipeza, ulonda, zam'nyumba, udalaivala, ndi zomwezo zimene masiku ano zikufuna kalata ya apolisi. Ngakhale alongo athu amene ankapita ku UK kukasamalira okalamba, sankayenda popanda kalatayi. Ndimamveranso chisoni otuluka kundende ya Chikurubi pa chikhululukiro cha pulezidenti: chimawachotsera masiku okhala m'ndende, koma mlandu umakhalabe m'mabuku.

Tsono muchite chiyani?

Musabise. Akadzazindikira bodza, adzakuchotsani chifukwa cha bodzalo, osatinso ndewu ija. Yambani mwadzitengera nokha police clearance: mukadinditse zala kupolisi, mulipire, mapepala apite ku CID, muone zimene zalembedwa bwana asanaone. Kumangidwa kokha si kupezeka wolakwa, Gawo 70 la Malamulo a Dziko limati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ngati mlandu wanu unachotsedwa kapena munapambana, pitani kwa kalaliki wa khoti limene munazengedwako, kaya ndi ku Mbare kapena ku Rotten Row, mukatenge pepala losonyeza zimenezo. Ngati munalipira faindi monga mng'ono wanga, muwauze nokha pa intavyu, mutanyamula kalata ya abusa kapena ya amene munawagwirirapo ntchito. Loya waulere mungamupeze ku Legal Aid Directorate, ndipo bungwe la ZACRO ku Mbare limathandiza anthu amene anakhalapo ndi milandu. Mundilemberenso mukaona zimene zatuluka pa kalatayo.