Kodi driver wa mawu angatsegulire akuba foni?

Achimwene ena a ku Chibavi anditumizira imelo. Akuti foni yawo ikufuna update, ndipo amva kuti zina mwa zokonzedwa ndi vuto la memory mu driver wa mawu. "Choimbira nyimbo chingandibere chiyani? Si kungondithera bandulo kumeneku?"

Achimwene, bandulo imawawa ndithu, koma update imeneyo musaikane.

Driver ndi kapulogalamu kolumikiza foni ndi sipika, maikolofoni kapena mahedifoni. Pa Android kamakhala mkati mwa kernel ya Linux, phata lenileni la foni, kumene pulogalamu imalamula chilichonse. Gawo la mawu la Linux limatchedwa ALSA, ndipo analilemba m'chinenero cha C. Chinenerochi sichiletsa pulogalamu kuwerenga kapena kulemba kupyola malo a memory amene yapatsidwa. Wosunga malire ndi wolembayo yekha, ndipo akaiwala penapake, driver amalima mpaka m'munda mwa eni.

Tsono pamene pagona nkhani ndi apa. Mukabaya chipangizo cha USB, icho chimadzifotokoza chokha kuti ndine chakuti, ndili ndi magawo mwakuti. Driver akangokhulupirira nambala imeneyo osaifufuza, chipangizo chonamizira chitha kutchula nambala yaikulu dala, memory ya kernel n'kusokonezeka, wochiumbayo n'kupeza polowera.

Zinachitikapo. Mu February 2025, bungwe la Amnesty International linaulula kuti zida za kampani ya Cellebrite zinatsegula foni yokiya ya wophunzira wina ku Serbia podzera pa USB. Limodzi mwa mabowo (zofooka za pulogalamu) amene zidazo zinalowerapo linali lotchedwa CVE-2024-53197, m'gawo la ALSA losamalira timakina takale ta mawu, Extigy ndi Mbox, timene ambirife sitinationepo n'komwe. Google inalitseka pa Android mu April 2025. Ndipo si Linux yokha: mu 2019 Microsoft inati pafupifupi 70 pa 100 iliyonse ya mabowo amene imakonza ndi a memory. Chinenero cha Rust, chimene chimasunga malire chokha, chinalowa mu Linux 6.1 mu 2022, koma madriver akalewa akadali a C.

Musachite mantha mopitirira. Bowo la USB limafuna kuti munthu agwire foni yanu m'manja, ndipo mnyamata wotchaja mafoni pa depoti alibe zida zodula choncho. Komabe mukasiya foni kotchajitsa, siyani ndi chaja yanu yobaya pa soketi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi mafoni akale amene timagulitsana muno mu Mzuzu, amene opanga ake anasiya kalekale kuwatumizira update. Lowani mu Settings muone tsiku la security update yomaliza. Yanuyo ikadalandira, ndiye gulani bandulo ya usiku muikemo.