Batire ya rimoti ya kireni ikutha msanga, ndigule yotchipa ija?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amayendetsa lole ya kireni kuno ku Mzuzu, amakweza zitsulo cha ku Luwinga ndipo nthawi zina amakatenga mitengo ku Chikangawa. Akuti batire ya rimoti yoyendetsera kireni yawo, ya kampani ya Scanreco, ikungogwira mphindi 20 kenako zii, ndiye pa intaneti aona ina yooneka chimodzimodzi koma yotchipa kwambiri, agule kapena ayi?

Achimwene, ndalamayo isungeni kaye m'thumba. Chotsani batireyo muitembenuze muwerenge zimene zalembedwa kumbuyoko, chifukwa yankho lonse lili pamenepo osati pa chithunzi chomwe mwaona pa foni. Mupeza ma volts, mtundu wa batire ndi nambala yake. Zambiri za Scanreco zimene ndazionapo pa malole a kireni ya Palfinger zimakhala 7.2V NiMH (umenewu ndiwo mtundu wa batireyo), 2000mAh, mkatimo muli timabatire 6 ta 1.2V kalikonse tolumikizidwa mondondozana. Makampani ena monga Hetronic ndi HBC-radiomatic ali ndi zawo, zina 3.6V zina 6V, ndipo sizilowana ngakhale mutakankha bwanji. Ma volts akuyenera kufanana ndendende, apa palibe zonenerera ngati kumsika ayi.

Chimene chimandiopsa ine ndi mtundu. Pali NiMH, pali lithium, kunja zimatha kufanana ngati mapasa koma tchaja yake ndi yosiyana. Tchaja ya NiMH imadikira kuti ma volts atsike pang'ono kapena batire ifunde ndiye imadziwa kuti yadzaza, pomwe lithium imafuna kuimitsidwa pa 4.2V kabatire kalikonse, ikapitirira imatupa mwinanso kuyaka, ndiye taganizani tchajayo ili mu kabini ya lole inu mwapita kukadya nsima. Ngati yakale inalembedwa NiMH gulani NiMH, nkhani yatha.

Za mAh musavutike nazo kwambiri, imeneyo ndi nkhokwe chabe, yaikulu pang'ono imangokhalitsa. Koma wina akakuuzani kuti mu kabokosi komweko waikamo 5000mAh dziwani kuti akukunamizani masanasana.

Tsono musanaweruze batire, tchaja mwaiyesa? Izi zinandionekera ine ndemwe, ndinagula batire yatsopano ndalama zambirimbiri, patatha masiku atatu mavuto omwe aja, kukayang'ana bwino vuto linali tizitsulo ta mu tchaja tomwe tinachita dzimbiri lobiriwira lija. Mzuzu mukuidziwa, chifunga m'mawa, mvula yosadziwa kalendala, chinyezi chimalowa paliponse. Pukutani tizitsulo ta pa batire, pa rimoti ndi pa tchaja ndi kansalu konyowetsa sipiriti, osapala ndi mpeni. Mukatero itchajeni idzaze, mubwereke mita kwa amisiri a magetsi muyeze. Ya 7.2V ikangochoka pa tchaja imaonetsa kupitirira 8V. Ikamaonetsa pansi pa 7V ndiye mwina kabatire kamodzi mkatimo kafa kapena tchaja sikugwira ntchito, ndipo njira yachidule ndi kupempha mnzanu wa rimoti yofanana muyese batire yanu pa tchaja yake. Ikadzaza bwino koma nkugwa msanga mukayamba kukweza, basi yakalamba, NiMH imatopa ikatchajidwa maulendo mazanamazana.

Ena amafunsa zoti amisiri atsegule aikemo timabatire tatsopano. Zimatheka, sindikana, koma tonse 6 tikhale tatsopano, ta NiMH, tofanana kukula, osati kusintha kamodzi kokha. Ndipo chonde asakuikireni tija ta mu laputopu yakufa, timeneto ndi lithium. Mmisiri wabwino amalumikiza ndi kamakina kowotcherera timadontho, osati kutenthetsa ndi soda yomatira mawaya ija mpaka kabatire kupsa, komanso ngati mkatimo muli fyuzi kapena kachipangizo koyeza kutentha asakataye. Akamaliza amate bwino madzi asalowe. Ineyo batire yokonzedwa chonchi ndimaisunga ngati sipeya basi, sindingaidalire tsiku lokweza katundu wolemera.

Chifukwa chake ndi ichi, batire ikathima rimoti imasiya kulankhula ndi kireni ndipo kireni imaima pomwepo, anaipanga dala choncho kuti isayende yokha. Ndi zabwino, koma mtengo uja utsala lendelende m'mwamba, anyamata ali pansi akuyang'ana, ena mpaka kufuna kudutsa kunsi kwake. Rimoti ikayamba kulira kapena kuphethira nyale tsitsani katundu kaye, musati ndingomaliza kamodzi aka. Onaninso kuseri kwa mpando ngati chingwe cholumikiza rimoti ku kireni chilipo, marimoti ambiri a mtunduwu amabwera nacho ndipo chimagwira ngakhale batire yafa, kungoti anthu amachitaya osadziwa ntchito yake.

Ndiye yotchipa ija mugule? Ngati ma volts, mtundu ndi nambala zikugwirizana, ndipo wogulitsayo akuvomera kuti ikavuta mubweza, gulani, sikuti yosakhala orijino iliyonse ndi yoipa. Akamazemba kukutumizirani chithunzi cha kumbuyo kwake msiyeni. Kaya mukutuma munthu ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe kaya wina akuchokera ku Joni, mtumizireni chithunzi cha lebulo pa WhatsApp osati kungomuuza kuti ya kireni, abwera ndi zina. Mufunsenso kuti inapangidwa liti poti NiMH ikakhalitsa pa shelefu imatha moto yokha. Ndipo gulani ziwiri, ina izikhala pa tchaja ya mu lole ina pa rimoti, magetsi akazima kunyumba musagwire njakata. Mukatsikira ku Karonga musaisiye pa dashibodi, dzuwa lakumeneko lipha batire msanga.

Munditumizire chithunzi cha lebuloyo pa imelo yomweyi ndione nambala musanalipire.